Tsiku la chilimwe ku Senga Bay: madzi m'mawa, bawo masana, bandi madzulo

Okutobala akafika, malata amayamba kulira okha ndi kutentha, ndipo aliyense wa mu Lilongwe amene ali ndi kangachepe m'thumba maganizo amathamangira kunyanja. Gombe loyandikira kwambiri ndi la Senga Bay, m'boma la Salima. Anthu amapitako ambiri, koma ochuluka amabwerako atangolawa theka la zomwe anatsatira. Amafika dzuwa lili paliwombo, kugwera m'madzi, kutsegula mabotolo, ndipo pamene bandi ikuyamba kuimba mwamphamvu iwo ali thapsa pansi pa mtengo, kapena akuthamangira minibasi yotsiriza. Dzuwa simungalilamule, nthawi ya oimba simungailamulenso. Chomwe mungathe ndi kulikonza tsikulo mozungulira ziwirizi.

Sankhani tsiku, ndipo tsimikizani kuti bandi ikubweradi

Pa 15 Okutobala, tsiku la anakubala, gombe lonse limadzaza moti posiya phazi pamasowa. Ngati mumakonda chinamtindi cha anthu, tsiku lanu ndi limenelo. Ngati muli ndi ana aang'ono kapena mayi achikulire amene mukufuna apumeko, sankhani Loweruka kapena Lamulungu lina. Mabandi akuluakulu akakhala paulendo amakonda kuimba usiku wa Lachisanu ndi Loweruka, kenako n'kutsiriza ndi phwando la masana Lamulungu. La Lamulunguli ndi limene limayenera banja, chifukwa limayamba kukuwala ndipo oledzera amakhala asanachuluke.

Palinso maphwando otenga masiku angapo. Sand Music Festival, imene malemu Lucius Banda anaiyambitsa mu 2010, yachitikapo kangapo pa Livingstonia Beach pomwepa, ndipo Lake of Stars, imene inayambira ku Chintheche mu 2004, inafikaponso ku Salima mu 2018. Amenewa amafuna tikiti yogula msanga ndi malo ogona osungitsiratu. Malangizo ali m'munsiwa ndi a tsiku limodzi, lopita ndi kubwerera.

Chithunzi cha oimba chimene mwachiona pa WhatsApp musachikhulupirire chokha. Yang'anani patsamba la Facebook la bandiyo ngati yalengeza yokha, kenako imbani foni kumalo ochitikira phwandolo. Funsani zinthu zitatu: pakhomo ndi zingati, ana amalipira kapena ayi, komanso ngati amalola kulowa ndi chakudya ndi zakumwa zochokera kunja. Funso lachitatuli ndi limene limayambanitsa anthu ndi alonda pageti.

Za ndalama ndi zobwerera zithe musananyamuke

Mukamapita pagulu, sonkhani ndalama kukadali masiku, ndipo msungichuma akhale munthu amene samwa. Ndalama yobwerera ikhale payokha, isasakanizidwe ndi ya nsomba. Mitengo sindiitchula, chifukwa chitsikireni mphamvu ya kwacha mu Novembala 2023 mtengo wa mwezi uno sufanana ndi wa mwezi wamawa. Funsani amene wapitako posachedwa, n'kuwonjezerapo pang'ono.

Airtel Money ndi Mpamba zimagwira ntchito kumeneko, koma tsiku la anthu ambiri netiweki imalemera, ndipo maejenti ndalama zimawathera. Tengani ndalama m'manja, makamaka zing'onozing'ono: ma K200, ma K500, ma K1,000. Mayi wogulitsa zitumbuwa sangakupezereni chenji ya K5,000, ndipo ndalama zing'onozi mudzazifuna kwambiri posupa oimba.

Ngati mwachita hayala minibasi, gwirizanani ndi dalaivala za ola lobwerera, ndipo olalo likhale la pambuyo pa bandi, osati lolembedwa pachikwangwani. Mupatseni theka popita, theka pobwerera.

Longedzani usiku

Mkeka kapena mphasa, zitenje ziwiri kapena zitatu (china chokhalira, china chotchingira dzuwa, china chosinthira zovala), chipewa, matawulo, ndi masilipasi, popeza mchenga wa masana umawotcha mapazi kwenikweni. Madzi akumwa ndi ofunika kuposa china chilichonse: malita awiri kapena atatu munthu mmodzi. Mabotolo ena muwaumitse mufiriji usiku; amaziziritsa zakudya panjira ndipo akasungunuka mumamwa. Thobwa limasasa msanga pakutentha, choncho limwedwe m'mawa. Onjezani mpira, bawo ngati muli nayo, mafuta othamangitsa udzudzu, kajumbo kosungiramo foni, ndi thumba lotayamo zinyalala. Amene ali ndi khungu lachialubino asaiwale mafuta oteteza kudzuwa, chipewa chachikulu ndi malaya a manja aatali. Kwa iwo dzuwa la kunyanja ndi loopsa zedi.

Wodziwa gitala atenge gitala, wa kang'oma atenge kang'oma. Chimkuzamawu cha Bluetooth chisiyeni kunyumba. Nyimbo za mufoni mumamva tsiku lililonse.

Nyamukani mbandakucha

Mu Okutobala kumacha 5 koloko itangodutsa. Pofika 6 koloko mukhale muli pamsewu wa M14. Kuchoka ku Lilongwe kufika ku Salima ndi makilomita pafupifupi 100, ndipo kuchoka pa boma kufika ku Senga Bay ndi ena pafupifupi 20. Msewu umadutsa pa Chezi ndi pa Mvera, n'kutsika mapiri mokhotakhota kulowa m'chigwa cha kunyanja. Pa Chezi imani mugule tomato, anyezi ndi zipatso. Ndi pabwino kuposa kukagula kugombe. Mukayamba kuona milambe yambiri ndi kumva mpweya wofunda ukulowa pazenera, mwatsika.

Okwera minibasi wamba atsike pa Kamuzu Road kapena padepoti ya Salima, n'kupeza galimoto yopita ku Senga Bay. Kabaza wanjinga yamoto alipo, koma ndi katundu ndi ana ndi bwino kudikira galimoto idzaze. Funsani kondakitala pomwepo kuti yomaliza kuchoka kugombe imanyamuka nthawi yanji.

Pezani mthunzi wa masana, osati wa m'mawa

Gombe la Senga Bay linayang'ana kum'mawa. Dzuwa limatulukira panyanja n'kukalowera kumtunda, kumbuyo kwanu. Ndiye mthunzi wa mtengo m'mawa umagwera kumtunda, masana umatembenukira kumadzi. Yalani mkeka kumbali ya mtengo yoyang'ana kunyanja: mupsa pang'ono m'mawa, nthawi imene mukhala muli m'madzi, koma kuyambira masana mpaka madzulo mthunzi ndi wanu. Ofika mochedwa amadabwa kuti ena anadziwa bwanji.

Onaninso pamene akumanga nsanja. Khalani poti muzitha kuiona, koma osati kutsogolo kwa zimkuzamawu. Dziwani kumene kuli chimbudzi, ndipo muwaonetse ana chizindikiro chimodzi chosasuntha, monga mtengo waukulu kapena geti, pokakumana wina akasowa.

Dera lino ndi la Mfumu Yaikulu Maganga, ndipo anthu ambiri okhala kuno ndi Ayao achisilamu. Zovala zosambira ndi za pamchenga. Mukatuluka kupita kumsika, kokagula nsomba kapena kokaona ziboliboli zimene amasema m'mbali mwa msewu, mangani chitenje, valani malaya, ndipo perekani moni.

M'mawa ndi wa madzi

Sambirani kuyambira pofika mpaka cha m'ma 11 koloko. Nthawi imeneyi madzi amakhala oyera, dzuwa lisanakwiye, mitu ya anthu idakali bwino. Mwera, mphepo ya kummwera imene imautsa mafunde aakulu, umavuta kwambiri m'miyezi yozizira, komabe nyanja imatha kusintha nthawi ina iliyonse. Musanalowe, yang'anani asodzi. Akakhala akukokera mabwato kumtunda m'malo molowa, inunso khalani pamchenga.

Pano ndichedwepo, chifukwa chaka ndi chaka nyengo imeneyi timamva za anthu omira, ndipo kawirikawiri amakhala alendo ochokera m'tauni. Amene sadziwa kusambira asapitirire madzi a m'chiuno. Pansi pa nyanja si posalala paliponse. Mafunde amakumba maenje mumchenga, ndipo phazi limodzi lokha limakuchotsani pa madzi a m'chiuno kukufikitsani pa madzi opitirira mutu. Chubu cha galimoto chimanamiza: mphepo ikamachokera kumtunda imachikankhira pakati pang'onopang'ono, wokwerapo akuseka, mpaka atazindikira kuti anthu a pagombe akuoneka aang'ono. Ana akakhala m'madzi, pakhale wamkulu mmodzi amene ntchito yake ndi kuwayang'ana basi, foni ili m'chikwama, ndipo muzisinthana momveka bwino: "Achimwene, tsopano ndi inu." Gulu lonse likamati likuyang'anira, ndiye kuti palibe akuyang'anira. Munthu akayamba kumira, musamulumphire ngati simunaphunzire kupulumutsa anthu. Womira amagwira mwamphamvu ndipo mumamira awiri. Kuwani, muponyereni chigubu chopanda kanthu chotsekedwa bwino, chingwe kapena chitenje chomangiriza, n'kuitana asodzi.

Mowa ndi nyanja siziyenderana. Wayamba kumwa, zosambira zatha tsiku limenelo.

Pewani malo a bango ndi pamene mtsinje ukuthira m'nyanja, monga cha ku Mpatsanjoka. Kumeneko ndi kwa mvuu ndi ng'ona, komanso madzi odikha a m'mabango ndi amene amasunga nkhono zofalitsa likodzo. Sambirani pamchenga poyera pamene mafunde akuomba, mukatuluka dzipukuteni bwino ndi tawulo, ndipo ana auzeni kuti kukodza ndi kuchimbudzi.

Anyamata a maboti adzabwera kudzakuitanirani ulendo wa ku chilumba cha Namalenje, chimene azungu amachitcha Lizard Island. Ulendowo ndi wokoma, ndipo m'mawa ndiye nthawi yake. Kambiranani mtengo wa kupita ndi kubwerera musanakwere, werengani majekete oyandamitsa kuti akwanira aliyense, ndipo boti likadzaza kale, dikirani lina.

Mpira wa pamchenga nawonso ndi wa m'mawa. Zigoli ndi masilipasi awiri, osewera asanu mbali iliyonse, mphindi khumi khumi. Anyamata a m'mudzimo akapempha kulowa, aloleni, koma konzekani kugonja: masewerawa ndi awo, ndipo timu ya dziko lino inafika nawo mpaka ku mpikisano wa mu Africa ku Vilankulo, ku Mozambique, mu 2022.

Masana: nsomba, mthunzi, bawo

Kuyambira 11 koloko mpaka cha m'ma 3 koloko, kutentha kwa kunyanja kumapitirira madigiri 30 mosavuta. Iyi si nthawi yothamanga. Amene amasunga mphamvu pano ndi amene amavina madzulo.

Nsomba gulani msanga. Chambo chabwino chimakhala ndi maso owala, makha ofiira, ndipo mnofu ukaudina ndi chala umabwerera. Chambo chikadula, musadandaule: kampango wowotcha alibe minga yambiri ndipo ndi wabwino kwa ana, mcheni pamakala ndi wonona, ndipo usipa wokazinga ndi nsima umakhutitsa gulu lonse pamtengo wochepa. Uzani wowotchayo ola limene mukufuna kudya, apo ayi nsomba ipsa 10 koloko n'kumakudikirani padzuwa ndi ntchentche. Sambani m'manja ndi sopo ndi madzi a m'botolo.

Mukatha kudya, tulutsani bawo. Mwaiwala? Kumbani pamchenga wonyowa mizere inayi ya maenje asanu ndi atatu, onse pamodzi 32, n'kutola timiyala 64. Bawo ya pamchenga imakopa anthu. Posakhalitsa mupeza mkulu wina waima kumbuyo kwanu akupukusa mutu poona mmene mwatakatira. Mpatseni malo, muphunzirapo. Atsikana akhoza kusewera phada pamthunzi womwewo, fulaye adikire dzuwa lipendeke.

Gitala yanu nthawi yake ndi ino. Nsambo zimamasuka ndi kutentha, choncho ichuneninso, ndipo musaisiye padzuwa kapena m'galimoto yotseka, thabwa limapindika. Kang'oma kachikopa kokha ndiye kamakonda dzuwa: kayikeni poyera mphindi zochepa, chikopa chikungika, mawu amveka bwino. Yambani ndi nyimbo zoti mmodzi atsogolere ena avomere, za kusukulu, za kutchalitchi, za paukwati, zimene aliyense amazidziwa. Oyandikana nanu akayamba kuwomba m'manja, mwapeza anzanu a tsikulo. Imbani motsitsa mukamva kuitana kwa mapemphero kumzikiti wapafupi.

Oimba oyenda pamchenga

Kwa ine, gawo lokoma kwambiri la tsiku lotere nthawi zambiri silichokera pansanja. Cha m'masana mumatha kuona anyamata awiri kapena atatu akuyenda m'gombe ndi zida zopanga okha: banjo ya chigaloni cha mafuta yokhala ndi nsambo za waya wa mabuleki a njinga, ng'oma ya chikopa yoponda ndi phazi, tizitsekerero ta mabotolo totungidwa pawaya, ndipo mwina babatoni, chida chachitali cha nsambo imodzi chimene woimba amachikhalira n'kumatulutsa mawu okhuthala. Musawaone ngati opemphetsa. Kaimbidwe kameneka ndi kamene kanatengera Madalitso Band kuchoka m'misewu ya Lilongwe kukaimba ku Ulaya, ndipo Gasper Nali wa ku Nkhata Bay anadziwika kunja ndi babatoni yomweyo.

Aitaneni pamkeka wanu. Apatseni madzi kaye. Afunseni kuti aimbe nyimbo yopeka okha asanayambe za eni ake; ambiri ali nazo, koma amazibisa poganiza kuti alendo amafuna zodziwika. Supani nyimbo ili mkati, poyera, kuti ena aone atengere chitsanzo, ndipo musupe ndalama yoti ingagule nsima ndi ndiwo, osati yongochotsera manyazi. Kujambula vidiyo pemphani, ndipo mukaiika pa intaneti lembani dzina la gululo monga akuuzirani okha. Ngati ndinu wagitala, funsani ngati mungalowe nawo, mverani kaye kagundidwe kawo, kenako lowani pansipansi. Zida zawo sizichunidwa mofanana ndi gitala ya m'sitolo, choncho wosintha ndinu.

Malo ena amaitana magulu a magule, beni kapena gule wamkulu. Gule wamkulu, amene bungwe la UNESCO, loona za maphunziro ndi chikhalidwe pa dziko lonse, linamulemekeza mu 2005, ali ndi mwambo wake ngakhale akuvinidwa pahotela: musamuyandikire, musamukhudze, ndalama ponyani pansi kutsogolo kwake kapena perekani kwa womutsogolera.

Bandi ikakwera pansanja

Chikwangwani chikati 1 koloko, yembekezani kumva akuyesa zida cha m'ma 2 kapena 3. Kenako amabwera oimba achinyamata otsegulira, ndipo eni phwando amakwera dzuwa litapendeka. Mu Okutobala limalowa 6 koloko isanakwane, ndiye gawo labwino kwambiri la nyimbo limagwera m'chisisira ndi mumdima. Konzekerani zimenezo. Cha m'ma 4 koloko ana atuluke m'madzi komaliza, asambe, avale zouma. Longedzani katundu yense kukuwala, mukatsekere m'galimoto kapena mumusiyire munthu mmodzi wodalirika. Dzolani mafuta a udzudzu tsopano, popeza malungo kunyanja ndi osasowa.

Malo omvekera bwino si kutsogolo kwenikweni. Yang'anani pamene pakhala munthu wosakaniza mawu ndi makina ake, kawirikawiri pakati pa bwalo moyang'anana ndi nsanja. Iye amakonza mawu potengera zimene akumva pamalo pakepo, ndiye mukaima pafupi naye mumva gitala, bezi ndi mawu a woimba chilichonse pamalo pake. Kutsogolo kwa zimkuzamawu kumangomveka kugunda, ndipo makutu akamalira pobwerera ndiye kuti avulala. Makanda asafikeko n'komwe.

Oimba otsegulira musawanyoze ndi kukuwa kuti atsike. Bandi iliyonse imene mukuidikirayo inayambira pomwepo. Tcherani khutu ku kusiyana kwa kaimbidwe: reggae ya ku Chileka, imene Black Missionaries anaipitiriza Evison Matafale atamwalira mu 2001, imayenda ndi bezi yolemera ndipo imavinidwa modekha, kaimbidwe ka ku Balaka, kochokera kwa Alleluya Band ndi Paul Banda, n'kopepukirapo ndipo kiyibodi imatsogola, koma ng'oma zikatembenukira ku manganje, fumbi limabuka ndipo amayi amamanga zitenje m'chiuno. Apa ndi pamene mudzathokoze kuti masana munagona pamthunzi.

Kupempha nyimbo kulipo, koma njira yake ndi kulemba pakapepala, kukulungamo ndalama, n'kupereka kwa wothandizira bandi m'mbali mwa nsanja. Kukwera pansanja osaitanidwa kumadula mawaya ndi kuimitsa nyimbo. Magetsi akazima, khalani pomwepo. Jenereta imatenga mphindi zingapo, ndipo nthawi zambiri oimba ng'oma amapitiriza, anthu n'kumavomera okha. Opisa m'matumba amakonda mphindi zomwezo, choncho foni ikhale m'thumba lakutsogolo, dzanja lili pomwepo. Vidiyo jambulani nyimbo imodzi kapena ziwiri, zotsalazo vinani. Pakati pa botolo ndi botolo imwani madzi, ndipo chakumwa chanu musachisiye pansi n'kudzachitolanso.

Bandi ikamagulitsa malaya, zipewa kapena nyimbo zake pageti, gulani kwa iwo. Ndalama ya pakhomo imagawidwa pakati pa mwini malo, mwini zida, mafuta a galimoto ndi anthu khumi kapena kuposa. Imene yafika m'manja mwa woimba mwachindunji ndi imene imamuthandiza.

Kubwerera

Odalira minibasi wamba achoke bandi isanamalize, chifukwa kukada galimoto za pakati pa Senga Bay ndi Salima zimachepa ndipo mtengo umakwera. Amene ali ndi galimoto yawo kapena ya hayala awerengane mayina asananyamuke, osati kungofunsa kuti "tonse tilipo?" Dalaivala akhale amene sanalawe n'komwe. Msewu wa M14 usiku uli ndi njinga zopanda nyali, mbuzi, ngolo, ndi malole oyenda pang'onopang'ono pokwera mapiri a ku Mvera; palibe chifukwa chothamangira. Dalaivala akayamba kusinza, kapena mukaona kuti nayenso analawako, pezani chipinda ku Senga Bay kapena pa boma mugone, munyamuke m'mawa. Zinyalala zanu, makamaka mabotolo osweka, zichoke nanu; mawa lake ana a m'mudzimo ayenda pamchenga womwewo opanda nsapato.

Pakapita masabata angapo, wina mwa amene anasambira akaona magazi mumkodzo kapena kumva kuwawa pokodza, apite kuchipatala akanene kuti anali kunyanja; likodzo limachizika ndi mankhwala a praziquantel. Wina akatentha thupi patatha sabata imodzi kapena ziwiri, akayezetse malungo tsiku lomwelo.